Lekani Kugula Matayala na Maso

Pa Sondo m'mawa n'naima pa filling station ina m'mbali mwa Great East Road, pamene anyamata a njinga zothamanga amakumana akalibe kunyamuka ulendo wawo. Panali ma R6, ma CBR, GSX-R imodzi na tuma Ninja tuwili. Zonse zinali zotsukidwa bwino, cheni copaka mafuta, ekizozi yolila mpaka ana kuthamangila kumseu. Anthu anali kujambula mavidiyo oika pa TikTok. Ine n'nagwada pansi n'kuyamba kuwelenga matayala, cizolowezi cimene cimakwiyitsa anzanga.

Njinga yoyamba inali na tayala lakumbuyo losalala ngati dazi, lopanda mzela olo umodzi, ndipo m'mbali mwake munalembedwa NHS. Yaciwili inali na tayala lalikulu kupambana limene fakitale inaika, lofinyidwa pa rimu yaing'ono. Yacitatu inali na tayala labwino kumbuyo, koma lakutsogolo linali na ming'alu, ndipo manambala ake anaonetsa kuti linapangidwa zaka 9 zapitazo. Mwini wake wa njinga yoyamba ataniona anabwela monyada. "Ili ni la pa track, mudala. Lacokela ku South. Ligwila ngati glu." N'namufunsa kuti NHS itanthauza ciani. Sanadziwe. Kumbuyo kwake kunaimilila mtsikana atagwila helimeti, kuyembekeza kukwela.

Nifuna kukamba mosapita m'mbali. Anyamata ambili a njinga zothamanga muno mu Lusaka na kwina agula matayala na maso. Agula limene lioneka laukali pa cithunzi. Agula la salaula locokela pa track cifukwa lichipa ndipo lili na dzina lalikulu. Ise amene tinayamba kale kukwela, m'malo mowadzudzula, timaombela m'manja. Ine nakana. Tayala la njinga yothamanga muzisankha poona mseu umene mudzayendamo mawa m'mawa, nyengo ya kuno, na zimene buku la njinga yanu likamba. Zina zonse ni cionetselo, ndipo cionetselo cimeneci cipha anthu.

Musaganize kuti nikamba monga munthu amene sanalakwepo. Nili na ka CBR250R kakale kamene nimayendela popita ku wailesi kumene nimathandizila. Caka cina ndalama zitavuta n'nagula tayala lakutsogolo la salaula, looneka bwino, mizela yozama. Mvula yoyamba ya mu November itagwa, n'nalowa pa roundabout pa liwilo limene nimalowela masiku onse, ndipo kutsogolo kunangocoka. Palibe cenjezo lililonse limene n'namva. N'nathyoka fupa la paphewa, n'nakhala mwezi na hafu amayi akunithandiza kuvala shati ngati mwana. Pambuyo pake m'pamene n'naphunzila kuwelenga deti la pa tayala, ndipo n'napeza kuti linali lakale kupambana njinga yeniyeniyo. Safunsa anadya phula, ndipo ine n'nadya langa.

Tiyambe na cinthu cimene ambili saganizila. Njinga ya 600cc pamodzi na wokwelapo ilema makilogilamu oposa 250. Kulema konseku kukhudza mseu pa tumalo tuwili cabe, kamodzi kutsogolo, kamodzi kumbuyo, ndipo kalikonse kukula kwake ni ngati khadi la ATM. Mabuleki anu, mphamvu ya injini, kukhota pa kona, zonse zipitila pa tumakhadi tuwili utu. Pa liwilo la makilomita 100 pa ola muyenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Motoka ikateleleka tayala limodzi, atatu atsala. Njinga ikateleleka lakutsogolo, mumadzidzimuka muli kale pansi. Manje niuzeni, pa zinthu zonse za pa njinga, n'cifukwa ciani tayala ndilo mufuna kuchipitsa, koma ekizozi ya Akrapovič mwagula yatsopano?

NHS ija ni mau a Cizungu akuti Not for Highway Service, kutanthauza kuti tayalalo si loyendela pa mseu wa anthu onse. Amene analemba ni opanga tayalalo eni ake. Wopanga akuuzani yekha kuti musalowe nalo mu Cairo Road, imwe mukuti ligwila ngati glu.

N'zoona kuti slick igwila kwambili, koma igwila ikatentha. Mphila ya tayala la mpikisano inapangidwa kuti igwile nchito pa madigili pafupifupi 80 kapena kuposa. Mukaonelela MotoGP, yang'anani zimene zicitika mpikisano ukalibe kuyamba. Njinga zili pa sitandi, matayala atakulungidwa m'mabulangeti a malaiti. Brad Binder wa ku South Africa, amene anapambana ku Brno mu 2020, sanyamuka na tayala lozizila. Bulangeti licotsedwa kutatsala pang'ono kunyamuka, ndipo akalowa m'bwalo amamanga mabuleki mwamphamvu na kutsegula mafuta pa kona iliyonse, ndiye tayala silipeza mpata wozizila. Imwe mucoka ku Chelstone 6 koloko m'mawa mu July, kunja kuzizila mpaka mano kuguguda. Muyenda pang'ono, muima pa maloboti, muyenda pang'ono, muima kumbuyo kwa minibasi yotsitsa anthu. Tayala lanu lidzatentha liti? Bulangeti la malaiti mulibe, ndipo malaiti enieniwo tonse tidziwa mmene amabwelela. Slick yozizila ni yolimba ngati pulasitiki, ndipo igwila moipa kupambana tayala wamba la pamseu.

Wina adzakamba kuti kuno ni ku Zambia, mu October tala imapsa. Tala yotentha ithandizako pang'ono, koma tayala litentha maka-maka cifukwa ca nchito imene ligwila, kupindika na kukhuzika pomanga mabuleki na pokhota. Kuti mulifikitse pamene lifunikila muli pa mseu wa anthu, muyenela kuyendetsa ngati wamisala pakati pa ana a sukulu, mbuzi na ma truck. Ndipo October akatha, November abwela na mvula yake.

Mizela ya pa tayala ni tumifolo tocotsa madzi pakati pa mphila na tala. Slick ilibe kocotsela madzi, ndiye madziwo akhala pansi pake n'kuinyamula. Mvula yoyamba ndiyo yoipa kwambili cifukwa iyandamitsa mafuta, dizilo na fumbi zimene zaunjikana pa mseu miyezi yonse ya cilimwe. Aliyense amene anazungulilapo Kafue roundabout mvula itangoyamba adziwa cimene nikamba. Olo ku MotoGP kumene mutengela, mvula ikagwa amalowa mkati n'kusintha njinga, kukwela ya matayala a mizela yozama. Akatswili a dziko lonse aopa slick pa madzi. Imwe ndimwe ndani?

Nidziwa kuti matayala ambili amene agulitsidwa pa Facebook na m'magulu a WhatsApp si ma slick enieni. Ni aja okhala na tumizela twapatali-patali, monga Pirelli Diablo Supercorsa kapena Michelin Power Cup, amene anapangidwila maka-maka track. Akakhala atsopano ni matayala abwino kwambili pa nchito yawo. Vuto ni lakuti ochipa amene afika kuno ni otsalila. Munthu ku Kyalami kapena ku bwalo lina wayenda nalo masiku angapo, wamva kuti silikugwilanso monga kale, walicotsa. Tayala la track likamatentha na kuzizila mobweleza-bweleza, mphila yake imauma pang'ono-pang'ono. M'mbali limadyeka, nthawi zina mpaka kusintha mtundu kukhala labuluu, koma pakati lioneka latsopano cifukwa pa track njinga ithela nthawi yambili itagonekedwa pa makona. Wogulitsa akuonetsani pakati, pamene mphila ikali yambili. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Mwagula tayala limene munthu wodziwa kukwela kupambana imwe analitaya cifukwa sanali kulikhulupililanso, ndipo mwanyamulilapo mwana wa eni ake.

Palinso cifukwa cina cimene anyamata akondela matayala amenewa, cimene sakamba poyela. Pakati pa okwela njinga pali kusekana. Ngati m'mphepete mwa tayala lanu mukali mwatsopano, ati ndimwe wamantha, simudziwa kugoneka njinga. Tayala la salaula la pa track libwela lodyeka kale mpaka kumphepete, ndiye mukaimika njinga pa gulu muoneka katswili. Mwagula mbili ya munthu wina. Tsiku lina mudzayesa kuikwanitsa mbiliyo pa kona imene ili na mcenga wokokoloka na mvula, kapena dizilo yotayika ku truck, ndipo tala idzakufunsani mafunso amene simunaphunzile. Pa mseu wa anthu, mphila yotsala m'mphepete ni cizindikilo cakuti wokwelayo amasiyako mpata wothawila pakabuka galu kapena dzenje. Ameneyo ndiye niyenda naye ulendo.

Manje tikambe za tayala lalikulu. Gwadani, welengani m'mbali mwa tayala lanu lakumbuyo. Mudzaona zilembo monga 180/55 ZR17. Nambala ya 180 ni m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Ya 55 itanthauza kuti kutalika kwa m'mbali mwake ni 55 pelesenti ya m'lifupimo, kutanthauza mamilimita 99. R ionetsa kuti ni radial, ndipo 17 ni kukula kwa rimu m'mainchesi. Yamaha R6, Honda CBR600RR, Suzuki GSX-R600 na Kawasaki ZX-6R zicoka ku fakitale na 120/70 kutsogolo, 180/55 kumbuyo, pa rimu yakumbuyo ya mainchesi 5.5 m'lifupi. Za 1000cc zili na rimu ya mainchesi 6, n'cifukwa cake zivala 190 kapena 200. Zing'onozing'ono zili na saizi yawo: Yamaha R3 ivala 140/70 kumbuyo, Ninja 400 na KTM RC 390 zivala 150/60.

Mukaika 200 pa rimu ya 5.5, rimuyo ilifinya tayala m'munsi, ndiye pamwamba lipindika kupitilila mmene analipangila. Mphila yambili ipita m'mbali kumene simudzafikako, ndipo kamalo kokhudza mseu sikakula monga muganizila. Kangacepe kumene. Njinga iyamba kukhota mwacilendo, ndipo nthawi zina tayala likhuza cheni. Mainjiniya a ku Japan anayesa njingayo kwa nthawi yaitali kuti tayala lakutsogolo na lakumbuyo zigwilizane pa kona. Imwe na mnyamata wa pa tyre mending mwasintha zonsezo m'maola awili kuti kumbuyo kuoneke kodzala pa vidiyo.

Pafupi na saizi pali nambala ina na cilembo, monga 73W kumbuyo na 58W kutsogolo. Nambala 73 itanthauza kuti tayalalo linyamula makilogilamu 365, ndipo 58 ni makilogilamu 236. Cilembo ni liwilo limene tayala lingapilile: H ni makilomita 210 pa ola, V ni 240, W ni 270. Sinikukamba kuti muziyenda pa liwilo limenelo, cifukwa palibe mseu wa kuno umene ulola zimenezo. Nikamba kuti musaike tayala la nambala kapena cilembo cotsika kupambana cimene buku la njinga likamba, cifukwa zimenezi zionetsanso kulimba kwa mkati mwake likatentha. Musasakanize radial na tayala la mpangidwe wakale pa njinga imene inabwela na ma radial onse awili. Ndipo pali kamuvi m'mbali koonetsa kumene tayala liyenela kuzungulila. N'naonapo njinga yodula ili na tayala loikidwa cozondoka, mwini wake wayenda nalo mwezi wathunthu osadziwa. Mukapita kukaikitsa, imililani pomwepo, muone na maso anu.

Cinikwiyitsa kwambili ni mmene tinyozela tayala lakutsogolo. Kumbuyo ndiko kuoneka pa cithunzi, ndiye ndalama zonse zipita kumbuyo. Koma yang'anani njinga yanu. Kutsogolo kuli ma disc awili aakulu, kumbuyo kamodzi kakang'ono. Cifukwa cake n'cakuti pomanga mabuleki kulema konse kuthamangila kutsogolo, ndipo pa njinga yothamanga tayala lakumbuyo lingafike ponyamuka m'mwamba. Minibasi ikaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu pa Kafue Road, moyo wanu uli pa tayala lakutsogolo. Lakumbuyo likateleleka, nthawi zina mungaligwile. Lakutsogolo silipeleka mwayi wotele kwa munthu wamba. Coipa n'cakuti lakutsogolo limadyeka mocedwa, ndiye munthu asintha lakumbuyo kawili katatu, lakutsogolo likali lomwelo. Limakalamba mizela ikalipo, monga lija linanigwetsa.

Deti la tayala n'losavuta kuwelenga, ndipo n'zomvetsa manyazi kuti ambili sitidziwa. Funani zilembo DOT m'mbali mwa tayala. Kumapeto kwa mzela umenewo kuli manambala anayi. Awili oyamba ni wiki, awili otsiliza ni caka. Mukaona 2319, linapangidwa mu wiki ya 23 ya caka ca 2019. Kampani ya Michelin ilangiza kuti tayala likagwila nchito zaka 5 liziyang'anidwa na munthu wodziwa caka ciliconse, ndipo likafika zaka 10 kucokela pamene linapangidwa licotsedwe olo lioneke bwino. Kumbukilani kuti dzuwa liumitsa mphila, ndipo matayala a salaula ambili kuno akhala panja, pa dzuwa, miyezi na miyezi. Wogulitsa akakana kuti muwelenge deti, kapena mukapeza manambala afafanizidwa, bwezani ndalama m'thumba. Yang'ananinso mkati mwa mizela. Muli tumizela twina tokwela, topingasa, ndipo m'mphepete mwa tayala muli kacizindikilo koonetsa pamene tuli, nthawi zambili zilembo TWI kapena kakona katatu. Mphila ikadyeka mpaka kulingana na tumizelato, tayala latha. Osakambilana nalo.

Mudzanifunsa kuti nanga tigule ciani. Yankho langa silidzakondweletsa onyada. Kwa okwela ambili a kuno, tayala loyenela ni la mtundu wa sport-touring: Michelin Road 5 kapena Road 6, Pirelli Angel GT, Bridgestone Battlax T32, Metzeler Roadtec, Dunlop Roadsmart, na ena a gulu limeneli. Ngati mulidi na njinga yamphamvu ndipo muyenda kwambili pa makona nyengo youma, pali a sport a pamseu monga Pirelli Diablo Rosso IV, Bridgestone Battlax S22 kapena Michelin Power 5. Matayala amenewa anapangidwila moyo umene mukhala. Atentha mwamsanga, ndiye agwila mutangoyenda pang'ono. Mphila yawo ili na silica, imene ithandiza kugwila pa mseu wonyowa komanso wozizila. Ambili ali na mphila ya mitundu iwili, yolimbilako pakati, yofewa m'mbali.

Mphila yolimbilako pakati ni yofunika kwambili kwa ise cifukwa ca mmene miseu yathu ilili. Kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata ni makilomita oposa 550, ku Livingstone oposa 450, ndipo mbali yaikulu ya maulendo amenewa njinga ili coimilila. Tayala lofewa la track lidyeka pakati pokha mpaka kukhala lafulati ngati la motoka, m'mbali mukali motupa. Tayala lotele livuta kuligoneka, kenako likadutsa pa msomphopo ligwela mu kona mwadzidzidzi. Ganizilani zimenezi zikucitikileni m'makona a Manenekela kufupi na Luangwa, kapena pa Munali Hills, basi yaikulu ikubwela kutsogolo. Amene ati sport-touring ni tayala la madala, aniuze kuti pa mseu uti wa muno mu Zambia analifikitsa pa malile ake. Wokwela wamba adzacita mantha kale-kale tayala lotele likalibe kuyamba kudandaula.

Manje nkhani ya ndalama, cifukwa nidziwa kuti ndiyo yeniyeni. Matayala a njinga zothamanga acokela kunja, mtengo wake utsatila dola, ndipo nthawi zina saizi imene mufuna siipezeka m'tauni. Sinikunyoza munthu amene thumba lake n'locepa, cifukwa langa n'locepa. Koma tiyeni tiwelengele. Ngati tayala la salaula mwagula pa hafu ya mtengo wa latsopano, koma latsala na kota ya moyo wake, ndiye kuti pa kilomita iliyonse mulipila kawili. Onjezelani ndalama yoikitsa nthawi iliyonse. Onjezelani mapulasitiki a njinga mukagwa, amene nawonso acokela kunja. Onjezelani mwezi na hafu wosagwila nchito. Cochipaco cili kuti?

Munthu amene wakwanitsa kugula njinga ya 600cc koma alephela kuigulila matayala, sanakwanitse njingayo. Mau awa ni owawa koma ni oona. Ngati ndalama ya tayala palibe mwezi uno, imikani njinga, kwelani basi. Palibe amene anafapo na manyazi okwela basi. Ndipo pali njila imene amayi athu a pa msika anatiphunzitsa kale: cilimba. Magulu a okwela njinga asonkha ndalama za mafuta, za nyama yowocha na za majekete olembedwa dzina la gulu. Alephela bwanji kusonkha cilimba ca matayala, kuti mwezi uliwonse mmodzi azivala atsopano? Mukaoda pamodzi, ndalama yonyamulila mugawana. Gulu limene lili na yunifomu koma mamembala ake ayenda pa matayala a dazi lisanilankhule za ubale.

Nivomela kuti si tayala lililonse logwilapo nchito limene n'loipa. Munthu angagulitse labwino cifukwa wagulitsa njinga. Koma mukafuna kugula lotele, likhale la pamseu, deti lake likhale la zaka zocepa, ndipo likhale lodyeka mofanana pakati na m'mbali. Lionedwe lili kunja kwa rimu kuti muyang'ane mkati ngati muli zigamba. Pitisani dzanja m'mbali monse. Mukamva potupa, dziwani kuti dzenje linadula ulusi wa mkati, ndipo tayalalo lingaphulike tsiku lililonse. Tayala lobooka m'mbali silikonzedwa, olo wa tyre mending alumbile bwanji. Cingwe cija amabaya kucokela kunja ni cokufikitsani kunyumba cabe. Kukonza kwabwino kucitika mkati, ndipo pokhapo ngati cibowo n'caching'ono ndipo cili pakati pa tayala.

Mukagula labwino, musaliononge na mpweya. Njinga zothamanga zambili zifuna 2.5 bar kutsogolo na 2.9 bar kumbuyo, kutanthauza 36 na 42 psi, koma zing'onozing'ono zifuna wocepelako. Welengani ka stika kamene kali pa swingarm kapena buku la njinga yanu. Pimani m'mawa tayala likali lozizila, kamodzi pa wiki, ndipo gulani geji yanu, cifukwa za pa filling station zina zinagwa pansi kambili. Anyamata ena amacotsa mpweya cifukwa anamva kuti a pa track amatelo. A pa track amatelo podziwa kuti tayala lidzatentha kwambili ndipo mpweya udzakwela, komanso pa track palibe maenje. Kuno tayala la mpweya wocepa likamenya dzenje, rimu ipindika, ndipo pa ulendo wautali litentha mopitilila n'kudyeka moipa. Tayala latsopano nalonso lifuna ulemu. Makilomita 150 oyambilila yendani mofatsa, kugoneka pang'ono-pang'ono, mpaka kusalala kwa ku fakitale kucoke. Ambili agwa pa kona yoyamba atangocoka koikitsa. Ndipo za kuwocha tayala pa gulu kuti utsi utuluke anthu akuwe, nikamba kamodzi cabe: mwawocha ndalama ya lendi kuti anthu amene sadzabwela kukuonani kucipatala akujambuleni.

Kwa imwe ogulitsa, nili na pempho limodzi. Lembani deti pa cithunzi ciliconse cimene muika, ndipo tayala la NHS mukambe kuti ni la NHS. Mnyamata amene mwamugulitsa slick mu November mumudziwa na nkhope, mwina amayi ake mumawapatsa moni ku chechi. Kwa imwe akulu-akulu a magulu, amene anyamata amakuyang'anani, ikani lamulo: gulu likalibe kunyamuka, wina azungulile njinga zonse kuona mizela, deti na mpweya. Wa tayala loipa atsale. Adzakwiya Sondo imodzi, kenako adzagula tayala. RTSA na apolisi angaime pa mseu kufunsa laisensi na helimeti, koma palibe amene adzagwade kuwelenga manambala anayi a pa tayala lanu. Nchito imeneyo ni yathu.

Ndipo imwe alongo anga amene mukwela kumbuyo, muli na ufulu wofunsa. Mukalibe kuponya mwendo pa njinga, yang'anani matayala onse awili. Ngati alibe mizela, kapena ali na ming'alu, kapena pakati paoneka ulusi, kanani. Simufunika kudziwa za injini kuti muone dazi. Mnyamata amene akwiya cifukwa mwafunsa za tayala wakuonetsani kale mmene aonela moyo wanu.

Mnyamata uja wa pa filling station n'namufotokozela tanthauzo la NHS. Anaseka, ati nakalamba msanga. Mtsikana anavala helimeti, anakwela, ndipo ananyamuka kulowela ca ku Chongwe, kumwamba mitambo itayamba kusonkhana. N'nakhala tsiku lonse niyang'ana foni. Madzulo vidiyo yawo inatuluka, onse ali bwino, amwetulila. Anafika, ndipo nidziwa kuti kwa iye umenewo ni umboni wakuti n'nanama. Ine nayenso n'nali kufika bwino tsiku lililonse pa tayala langa la salaula, kwa miyezi inayi, mpaka tsiku la roundabout.

Pa Sondo ikubwelayi mukakumana, mukalibe kutulutsa mafoni, gwadani pansi. Welengani manambala anayi aja, kutsogolo na kumbuyo, pa njinga yanu na ya mnzanu. Mukapeza cimene n'napeza ine, musanyamuke.